Utoto umene umateteza silaidi kenako n'kusuluka

Filimu ndi pulasitiki yoonekera mkati, yopakidwa mankhwala omva kuwala mbali imodzi. Kuwala kukachuluka sikuthera m'mankhwalamo ayi. Kumabowola mpaka kumsana kwa pulasitiki, n'kunjanja kubwerera, kudzawotcha malo oyandikana nawo. Akatswiri vutoli amalitcha halation. Pa filimu ya m'kamera limaoneka ngati mkombero wofiira kuzungulira getsi la mumsewu, monga pa CineStill 800T, yomwe ndi filimu ya kanema ya Kodak Vision3 500T yopanda chotchinga chake chakumsana choletsa kuwala kunjanja.

Pa filimu yosindikizira silaidi (chithunzi choonekera mkati choonetsa pa pulojekita) kuchokera ku negetivu, zinthu zimatembenuka, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kuwala kochuluka kumadutsa pamene negetivu ili mbee, kutanthauza pamithunzi ya chithunzi. Ndiye chimene chimasefukira pa silaidi ndi mdima. Ikani silaidi ya zilembo zoyera pamalo akuda mu pulojekita: ngati chotchinga chinali chofooka, zilembozo zimaonda, m'mphepete mwake mutathimbirira. Pa filimu zosindikizira za kanema, gawo lomva kuwala kwa buluu ndi limene lili pansi penipeni, pafupi ndi pulasitiki, choncho ndilo limayamba kukhudzidwa, ndipo limabala utoto wachikasu.

Chovuta n'chakuti silaidi iyenera kutuluka yoyera ngee, poti nyali ya pulojekita idutsa momwemo. Negetivu yakuda ndi yoyera ikhoza kukhala ndi pulasitiki yotuwa mpaka kalekale, koma silaidi singatero. Chotchinga chake chigwire ntchito posindikiza, potsuka chichoke.

Filimu zakale za kanema zinkapakidwa remjet kumsana, mwaye wa kaboni wakuda bii, umene umafewetsedwa m'mankhwala oyamba n'kutsukuluzidwa ndi madzi. Kodak Vision 2383, filimu yosindikizira kanema yomwe inatuluka mu 1998, ilibe remjet. Utoto womeza kuwala unaikidwa pakati pa pulasitiki ndi mankhwala, ndipo umasuluka wokha potsuka. Njirayi ndimaikonda kwambiri, chifukwa kuwala kumatsekerezedwa kusanalowe n'komwe mu pulasitiki.

Amene akufuna kuyesa zimenezi ayambe wadziwa filimu imene wagwira. Kodak Vericolor Slide Film 5072 inkatsukidwa ndi C-41, mankhwala otsukira filimu wamba za mitundu, koma 2383 ili ndi mankhwala ake a ECP-2. Ndipo chonde, filimu ya remjet musailowetse m'makina a C-41. Mwayewo umamatuka zidutswazidutswa, umadetsa mankhwala, n'kukakamira pa filimu za makasitomala ena.