Mafuta Ali Pansi, Koma Papampu Palibe Petulo

Anthu ambiri amati dziko logulitsa mafuta kunja silingasowe petulo, ndiponso silingagule mafuta kwa dziko linzake lokumba mafuta. Si zoona ayi. Venezuela ili ndi mafuta ambiri pansi pa nthaka kuposa dziko lina lililonse, koma mu 2020 anthu ankagona m'magalimoto pamizere ya petulo ku Caracas, likulu la dzikolo, zomvetsa chisoni kwambiri. Anapumako pamene Iran inatumiza sitima zisanu zodzaza petulo.

Makina oyengera mafuta ku Venezuela anali atawonongeka, zilango za zachuma zochokera ku America zitatsekanso misika. Komanso mafuta a ku dera la mtsinje wa Orinoco m'dzikolo ndi olimba ngati phula, sayenda m'mapaipi osawasakaniza ndi ena opepuka. Kuyambira 2021 Iran inkapereka opepukawo, n'kumalandira mafuta olimba a Venezuela posinthanitsa.