Jinzi ya panjinga yamoto: itembenuzeni kaye musanapereke ndalama

Munthu akabwera kudzaphunzira kuyendetsa njinga yamoto, ine ndimayamba kumuyang'ana m'miyendo. Chipewa ambiri masiku ano amakhala nacho, kaya n'chifukwa choopa apolisi apamsewu kaya amvetsadi ntchito yake. Koma kumunsiku mupeza ndi jinzi wamba ya pamsika, mwinanso yong'ambidwa kale m'mawondo monga mwa fasho, ndipo mwiniwake mtima uli m'malo chifukwa "jinzi ndi nsalu yolimba." Yolimba inde, ngati mukulowa nayo m'munda wa chisoso kapena mukusenza matumba a simenti. Pa tala ndi nkhani ina.

Njinga ikamathamanga makilomita 50 pa ola, ndiye kuti pa sekondi imodzi ikudutsa mamita pafupifupi 14. Mukagwa pa liwiro limeneli thupi limavulala pawiri. Poyamba ndi kumenyetseka: bondo, chiuno ndi dzanja zimafika pansi ndi kulemera konse kwa thupi. Kenako ndi kukhwekhwerezeka, pomwe msewu umakupalani ngati mmene chipala chimadyera chitsulo, uku ukutentha. Jinzi wamba ndi thonje, ndipo pa makina oyesera nsalu imabooka sekondi imodzi isanakwane. Mtunda wotsalawo limaumaliza ndi khungu. Amene anaonapo namwino akutsuka mchenga ndi timiyala m'bala la pantchafu safuna kulongosoleredwa zambiri. Wakabaza amene amapereka ndalama kwa mwini njinga madzulo aliwonse amadziwanso tanthauzo la masabata atatu ogona chammbali.

Jinzi ya panjinga inapangidwa kuti ithane ndi mavuto awiriwa. Kunja imaoneka ngati ina iliyonse, mutha kulowa nayo mu ofesi kapena m'tchalitchi, koma ili ndi ulusi wosaperepeseka msanga komanso timatumba tam'kati toikamo mapadi a m'mawondo ndi m'chiuno, zotchinga zochepetsa mphamvu ya kumenyetseka. Ulusi wotchuka kwambiri ndi Kevlar, womwe unatulukiridwa ndi Stephanie Kwolek ku kampani ya DuPont mu 1965. Mtundu wake ndi wachikasu, ndipo dzina la banja lonse la ulusi woterewu ndi aramid. Palinso Dyneema wochokera ku Netherlands ndi Cordura, yemwe ndi nayiloni wolimba.

Apa ndiye pomwe anthu amaberedwa. Liwu lakuti Kevlar aliyense angathe kulisindikiza pa kachikopa n'kukasokera kumbuyo kwa buluku. Mmodzi mwa ophunzira anga anabwera akunyadira jinzi yomwe anaitanitsa pa foni, italembedwa dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu. Titaitembenuza tinapeza kansalu kachikasu kongokwana chikhatho pa bondo lililonse, kumatako kulibe, m'mbali mwa ntchafu mulibe. Zinandipweteka, chifukwa ndalama anaperekazo zinali za masiku ambiri pamsewu. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense chinthu chimodzi chomwecho: zolembedwa kunja zisiyeni, tembenuzani buluku, muone m'kati.

Choyamba kufuna m'katimo ndi kalebulo kosokedwa komwe kali ndi chithunzi cha munthu wokwera njinga yamoto. Kuyambira mu April 2018, malamulo a European Union amafuna kuti chovala chogulitsidwa ngati choteteza chiyesedwe kaye, ndipo mu 2020 kunatuluka muyezo wa zovala za panjinga wotchedwa EN 17092. Nsalu amaimangirira ku makina omwe anapangidwa ku yunivesite ya ku Darmstadt ku Germany, makinawo amazungulira mothamanga, kenako amaigwetsera pa konkire mpaka itaima yokha. Ikabooka, yalephera. Amakokanso misoko kuti aone ngati singaphotchoke, n'kuyesanso ngati nsaluyo singang'ambike mosavuta.

Zotsatira zake ndi zilembo. AAA ndiye wapamwamba: malo oopsa kwambiri monga m'mawondo ndi m'chiuno amayesedwa pa liwiro lofanana ndi makilomita 120 pa ola. AA amayesedwa pa 70, pomwe A pa 45. Kulinso B, yemwe alibe mapadi, ndi C, yemwe ntchito yake n'kungogwira mapadi basi osateteza kukhwekhwerezeka. Manambalawa ndi a makina, si lonjezo lakuti mukagwa pa liwiro limenelo mudzuka bwinobwino. Msewu wa miyala yakuthwa sufanana ndi konkire yosalala ya m'nyumba yoyesera. Koma amathandiza kusiyanitsa buluku ili ndi lija.

Pali kanjira kogwirira opeka malebulo komwe ndimakakonda. Chilembo chimayendera limodzi ndi nambala yotsatira muyezowo: AAA ndi EN 17092-2, AA ndi 17092-3, A ndi 17092-4, B ndi 17092-5, C ndi 17092-6. Mukaona AAA ili pamodzi ndi 4, kapena pangolembedwa CE yekha (chizindikiro chakuti chinthu chikutsatira malamulo a European Union) popanda nambala iliyonse, bwezani. Samalaninso ndi wogulitsa amene akuti "ili ndi CE" pomwe chizindikirocho chili pa mapadi okha, buluku lenilenilo silinayesedwe.

Nanga mugule iti? Kwa munthu woyendetsa Lifo, Sanlg kapena Boxer m'tauni, nthawi zina n'kulowa mu M1, ine ndimati AA. Ndi pomwe chitetezo, mtengo ndi kupepuka zimakumana. Komanso buluku la AA limayenera kubwera ndi mapadi a m'mawondo ndi a m'chiuno omwe, pomwe la A likhoza kugulitsidwa opanda a m'chiuno. AAA ndi yabwino, koma nthawi zambiri ndi yodula ndiponso yokhuthala, ndipo kuno kutentha si nkhani yaing'ono. Mu October ku Chikwawa kapena ku Nsanje, pomwe kumatentha kupitirira madigiri 40, buluku lolemera limathera pa msomali kuseri kwa chitseko, mwiniwake n'kubwerera ku kabudula. Kuli bwino A yovalidwa tsiku lililonse kusiyana ndi AAA yopachikidwa.

Kapangidwe kake kali pawiri. Ina ndi jinzi wamba yomwe m'kati anaisokerera nsalu ya aramid. Imeneyi ndiyo imatsikirako mtengo, ndipo nsalu ziwirizo zimathandizanso kuti kutentha kwa kukhwekhwerezeka kusafike msanga pakhungu, koma imafunditsa. Inayo ndi ya nsalu imodzi, pomwe ulusi wolimba uja anaulukira limodzi ndi thonje. Ndi yopepuka, mphepo imalowa, koma yabwino yake imadula. Thumba likakhala lopyapyala, tengani yosokerera, bola muonetsetse kuti chachikasucho chaphimba matako onse, chatsika m'mbali mwa ntchafu zonse ziwiri, ndipo chadutsa bondo mpaka kumtunda kwa msongolo.

Ambiri a ife sitidzagula yatsopano m'sitolo, ndipo palibe chamanyazi. Zovala za panjinga zimabwera m'mabelo a kaunjika, ndipo kawirikawiri wogulitsa amaziponya pamulu umodzi ndi majinzi ena chifukwa kunja sizisiyana. Mukamasanthula pa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe, dzanja ndilo limayamba kuzindikira: buluku lolemera kuposa anzake, lokhala ndi msoko wopingasa pamwamba ndi pamunsi pa bondo. Zina zakale zilibe lebulo ya 2020 ija chifukwa zinasokedwa muyezowo usanabwere, koma zingakhale zabwino ndithu. Zoterezi muziweruze ndi maso ndi manja. Yang'anani ngati palibe malo onyezimira kapena othothoka ubweya kunja kwa bondo ndi m'chiuno, zomwe zimasonyeza kuti mwiniwake woyamba anagwa nalo kale. Tsinani nsalu yachikasuyo n'kuikoka. Ikakhala yotuwa, yopyapyala kapena yoyoyoka ulusi, yatha ntchito. Ndipo kokani misoko ndi mphamvu, makamaka wa kumatako ndi wa m'mbali. Nsalu ikhoza kupirira msewu koma msoko n'kutseguka, ndiye khungu lili poyera chimodzimodzi. Msoko wabwino umakhala wa mizere iwiri kapena itatu, wina utabisika m'kati momwe tala sangaufike.

Amene muli ndi abale ku Joni kapena ku Cape Town, komwe Amalawi ambiri akugwira ntchito yoperekera zakudya pa njinga, muwapemphe akujambulireni lebulo ya m'kati ndi buluku litatembenuzidwa asanalikweze basi. Ngati dzina la bulukulo mukulidziwa, lifufuzeni pa intaneti pa MotoCAP. Ndi ndondomeko ya ku Australia ndi New Zealand yomwe inayamba mu 2018, imagula zovala m'masitolo, kuziyesa ku Deakin University, n'kupereka nyenyezi mpaka zisanu pa chitetezo komanso pa kulowa kwa mpweya. Kuwerenga n'kwaulere. Mukayerekeza nyenyezizo ndi mitengo muona nokha kuti kudula si umboni wa kulimba.

Tibwere ku mapadi, omwe anthu amawapeputsa. Za kaunjika zambiri zimabwera timatumba tili pululu, mapadi anachotsedwa. Musaikemo siponji ya matiresi. Padi yeniyeni imadindidwa EN 1621-1, ndi chilembo K ngati ili ya bondo kapena H ngati ili ya m'chiuno, ndiponso nambala 1 kapena 2. Poiyesa amaigwetsera chitsulo n'kuwerenga mphamvu yomwe yadutsa: ya nambala 1 isadutsitse yoposa 35 kN (kN ndi muyeso wa mphamvu), ya nambala 2 isapose 20. Choncho 2 ndiye yoteteza kwambiri, ndipo kugula mapadi paokha n'kotchipa kusiyana ndi kugula buluku lina. Padi yakale yomwe yauma gwa kapena ikung'aluka mukaipinda, itayeni.

Padi ili ndi phindu pokhapokha ili pamalo pake nthawi yakugwa. Poyesa buluku musangoimirira n'kudziyang'ana. Khalani pa njinga, kapena njutani ngati mwakwera. Padiyo ikumbatire bondo mwendo utapindika. Mukaimirira imatsikirako pang'ono, ndipo mmenemo ndi momwe iyenera kukhalira. Buluku lotaya kwambiri limazungulira mwendo pogwa, padi n'kuthawira kumbali. Lalifupi limakwera n'kusiya akakolo pamtunda. Likatalika, telala alidule kumunsi kokha, asakhudze nsalu ya m'kati kapena kuphwasula misoko ya m'mbali, chifukwa ulusi wake ndi makina ake sizingabweze mphamvu yomwe inalipo. Azimayi oyendetsa njinga, monga alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo oyendera midzi, afunefune losokedwera thupi lachizimayi. Lachibambo mapadi a m'chiuno amagwera polakwika. Ndipo amene mumavala chitenje pamwamba pake, chipindeni bwino chisalendewere kufupi ndi tcheni kapena masipoko.

Ndisakunamizeni kuti jinzi imeneyi imathetsa zonse. Kafukufuku yemwe Liz de Rome ndi anzake anachita ku Canberra ku Australia, wofalitsidwa mu 2011, anatsatira anthu 212 omwe anachita ngozi pa njinga. Ovala mabuluku a panjinga sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri poyerekeza ndi osavala, ndipo mabala awo anali ochepa, koma sanapeze kuti zovalazo zimaletsa mafupa kuthyoka. Mwendo ukapanikizika pakati pa njinga ndi minibasi, palibe nsalu yomwe ingaupulumutse. N'chifukwa chake ndalama zikachepa ndimati yambani ndi chipewa chabwino chomanga pachibwano, kenako magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo, jinzi ibwere pambuyo. Podikira, mapadi omangirira ndi malamba pamwamba pa buluku lokhuthala amathandizako, ndipo buluku lachikopa chenicheni la pakaunjika ndi lolimba kwambiri ngati mungapirire kutentha kwake. Chopewa ndi mabuluku opyapyala a polyester ochitira masewera aja, omwe akatenthedwa amasungunuka n'kumatirira pabala.

Mukaipeza, kachapidwe kakhoza kuiwononga msanga kuposa msewu. Chotsani mapadi musanaviike. Jik asayandikire n'komwe, chifukwa amadya ulusi wa aramid ngakhale diso silikuona. Dzuwa nalonso limaufooketsa ulusiwu, ndiye musayanike chachikasucho chili kunja. Yanikani pamthunzi, buluku lili mmene limavalidwira. Kumenyetsa pamwala kumamasula misoko, ingofikisani ndi manja. Ya Dyneema imaopa moto chifukwa ulusi wake umasungunuka pa madigiri pafupifupi 140, choncho simbi yamakala isaikhudze, ndipo poimika njinga mwendo utalikirane ndi ekizozi. Tsiku lomwe mwagwa nayo n'kukhwekhwerezeka, itembenuzeninso ngati tsiku loigula lija, muikoke misoko yonse musanaivalenso.