Madzi a mvula ndi thanzi lanu m'mphepete mwa nyanja

Mudzi wa m'mphepete mwa nyanja umalandira madzi a dera lonse lakumtunda. Mvula ikagwa m'mapiri, m'minda ndi m'misewu, madzi ake amatsetsereka atakokolola ndowe, chimbudzi cha anthu, feteleza ndi zinyalala, ndipo zonsezi zimakathera pagombe ndi m'zitsime zosazama. N'chifukwa chake kolera, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba amabuka pambuyo pa mvula yamphamvu.

Madziwa amachuluka kuposa mmene ambiri amaganizira. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa padenga la masikweyamita 50 imatulutsa malita 1,000. Akasowa njira amadikha pakhomo, ndipo kukamatentha dzira la udzudzu limakhala litasanduka udzudzu wouluka m'masiku 7 mpaka 10.

Ngalande izitsika pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse. Muziikonza mvula isanayambe, kuyambira kumunsi kumene imatulukira n'kumakwera nayo, chifukwa mukayambira kumtunda zinyalala zimakaunjikana pomwe patsekeka kale. Kunyanja yamchere madzi akakwera amatseka kamwa la ngalande, ndipo a mvula amabwerera m'makomo. Apa m'pamene dambo, bango ndi mitengo ya m'gombe zimagwira ntchito yaikulu: zimasunga madziwo kwa kanthawi n'kugwira matope. Musazidule kapena kumangapo nyumba. Pamalo otsetsereka bzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa.

Chimbudzi ndicho chimafuna chisamaliro chachikulu. Mumchenga madzi apansi amakhala pafupi, ndipo tizilombo timadutsamo msanga. Chikumbeni mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pachitsime, kumunsi kwake. Pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa pomwe madzi apansi amafika m'dzinja. Ngati zimenezi sizingatheke, mangani chimbudzi chokwezeka chokhala ndi dzenje lowaka ndi simenti. Chitsime nacho chikhale ndi khoma, chivundikiro ndi simenti yotsetsereka kuzungulira.

Madzi a padenga ndi abwino kusunga, koma oyamba muziwataya, poti amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Thanki izikhala yovundikira.

Madzi osefukira akalowa m'chitsime, musamwe osawateteza. Asefeni ndi nsalu yoyera, kenako muwawiritse mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena thiranimo klorini motsatira muyezo wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. M'madzi amatope klorini sagwira bwino. Ana asasewere m'ngalande, ndipo pewani kusamba pafupi ndi pomwe imathirira m'nyanja kwa masiku atatu mvula ikagwa.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mumwetseni ORS (madzi a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi) nthawi yomweyo, ndipo pitirizani kumumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala. Kolera amatha kupha m'maola ochepa.