Mwana wa autism ndi mavuto a m'mimba: zimene makolo ayenera kudziwa

Autism siibwera ndi chakudya, katemera kapena ufiti. Autism ndi vuto limene ubongo wa mwana umakula mosiyana ndi wa anzake, n'chifukwa chake ena amachedwa kulankhula, sakonda kuyang'ana munthu m'maso, kapena amabwereza zinthu zomwezomwezo. Palibe chakudya kapena mankhwala azitsamba amene amaichotsa.

Chimene chimachiritsika ndi mimba. Ana a autism amadzimbidwa, kutsegula m'mimba ndi kumva kupweteka kawirikawiri kuposa ana ena, ndipo mwana wosalankhula sanganene kuti "Amayi, m'mimba mukupweteka." Amalira usiku, amadzimenya, amakanikiza mimba pampando, amathawa chimbudzi. Akachita, chimatuluka cholimba, timibulu ngati ta mbuzi. Nthawi zina mumapeza zamadzimadzi m'kabudula n'kuganiza kuti watsegula m'mimba, pamene zangodutsa m'mbali mwa chimbudzi chouma chimene chatsekereza. Musamudzudzule. Pitani naye kuchipatala, mutatenga buku lake la sikelo, mukafotokoze masiku amene amatha osachita chimbudzi ndi zimene amadya.

Ambiri mwa ana amenewa amasankha zakudya kwambiri. Wina amafuna nsima yokha yopanda ndiwo, wina amakana chilichonse choterera monga therere. Si mwano ayi: fungo, mtundu ndi mmene chakudya chimamvekera m'kamwa zimamusautsadi. Kumukakamiza kumangoipitsa zinthu. Ikani kachidutswa ka chakudya chatsopano pambali pa chimene amakonda, ndipo bwerezani masiku ambiri ngakhale asachikhudze. M'phala mutha kuthiramo pang'ono nsinjiro kapena usipa wosinja, womwe minga yake imalimbitsa mafupa. Papaya, mango, nyemba, bonongwe ndi madzi akumwa okwanira zimafewetsa chimbudzi.

Pa intaneti pamamveka zoti mwana asiye mkaka ndi zakudya za tirigu monga buledi ndi mandasi. Kafukufuku sanapeze umboni wokwanira woti zimenezi zimachepetsa autism, ndipo bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, limalangiza kuti kusala zakudya motere kusagwiritsidwe ntchito pa autism. Mwana amene amadya kale zinthu zitatu zokha, mukamuchotsera ziwiri, mwamuyandikizitsa ku matenda a kunyentchera. Ngati mukuona kuti chakudya china chimamutulutsa ziwengo kapena kumutsegula m'mimba, kambiranani ndi dokotala kapena mlangizi wa zakudya musanachichotse.

Chenjerani ndi madzi otchedwa MMS amene ena amagulitsa ponena kuti amatsuka matumbo. Ndi mankhwala oyeretsera zinthu a chlorine dioxide, ndipo mu 2019 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjezanso kuti ndi oopsa kumwa.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mwana akachita chimbudzi cha magazi, akamasanza mosalekeza, mimba ikatupa n'kulimba, kapena akakana kumwa chilichonse. Sikelo yake ikamatsika, musadikirenso tsiku la mwezi wamawa.