Valavu kuyaka sikuti ili ndi mphamvu

Sabata yatha kunabwera madala ena pa shopu kuchokera ku Katete, atanyamula ampu yakale ya ku tchalitchi kwawo. Mavalavu anayi, mababu agalasi aja okuza mawu mu ampu, anali atawazula kale nkuwakulunga mu nyuzi, ati "bambo, awa anapsa, taonani kuda kumutuku, mutipezereko ena." Kumasula nyuziyo ndinapeza mavalavu amtundu wa EL84 a kampani ya Mullard, mtima unachita kuti phaa poganiza kuti akanatha kuwaponya kudzala. Chomwe iwo amati kupsa ndi chija chowala ngati kalilole mkati mwa galasi, ife timati getter. Ndi barium amene amawaza pagalasi ku fakitale kuti azimeza kampweya kotsalira mkatimo. Chikakhala chasiliva kapena chakuderako ndiye kuti valavu ndi yotseka bwino, chikayera mbee ngati ufa ndiye mpweya unalowa, imeneyo yapita basi palibe mmisiri angaidzutse. Pa anayi aja yoyera inali imodzi yokha.

Manje ena amalakwira mbali inayo, akaona kamoto ka orenji mkati amati ili bwino. Kamoto kaja ndi heater chabe, kawaya kodya 6.3 volts, ntchito yake ndi kutenthetsa kachubu kotchedwa cathode komwe kanapakidwa mankhwala a barium ndi strontium. Ma electron, tizinthu tonyamula magetsi, amachoka pamenepo, ndipo mankhwalawo ndi amene amatha pang'onopang'ono. Heater itha kuyaka bwinobwino pomwe cathode inatopa kalekale, zili ngati mbaula yofiira makala koma mumpoto mulibe kanthu. Ndipo amene anaonako mawailesi a batire a agogo athu, monga Saucepan Special ya Ever Ready yomwe inafika kuno mu 1949, akudziwa kuti timavalavu take ta 1.4 volts sitioneka nkuyaka komwe masana, koma siteshoni ya ku Lusaka inkamveka.

Khutu limathandiza. Mavalavu akuluakulu otulutsa mawu, EL84, EL34, 6L6, akatopa besi imafooka, mawu amayamba kusweka voliyumu isanafike patali. Tating'ono ngati ECC83, yomwe aku America amati 12AX7, timayamba kuthetheka kapena kulira shiii, ndipo mukagogoda pang'ono ndi pensulo ampu ili on nkumva ngo ngo wamkulu mu sipika, zamkati zamasuka. Usiku muzimitse nyali muyang'ane. Kabuluu kokhala pagalasi penipeni si vuto, koma kuwala kwa pepo pakati pa zitsulo zamkati ndi mpweya umenewo. Chitsulo chachikulu chija, plate, chikafiira ngati khasu lili pamoto kwa osula, zimitsani pompo osadikira nyimbo ithe.

Koma funso limene aliyense amandifunsa ndi loti yatsala ndi zaka zingati, apa ndiye pamafunika mita. Matesta ena otchipa aja a singano yoloza GOOD kapena BAD amangoona ngati cathode ikutulutsa kanthu, saiyesa valavu pa mphamvu yomwe imagwirira ntchito, ndiye yotopa itha kukhoza mayeso. Abwino ndi monga a AVO kapena Hickok omwe amaona kuti karenti ikusintha bwanji mukasuntha ndi volt imodzi magetsi a pa grid, kawaya kapakati pa cathode ndi plate kolamulira karenti. Ine nthawi zambiri ndimayeza mu ampu momwemo ndi multimeter, ndikuwerenga ma volts pa resista ya cathode nkugawa ndi ma ohms ake kuti ndipeze karenti. Buku la opanga limati EL84 yatsopano pa 250 volts, grid ili pa -7.3, ikoka karenti ya 48 mA (ma milliamp) ndipo isuntha 11.3 mA pa volt iliyonse. ECC83 ikoka 1.2 mA chabe pa mbali iliyonse mwa ziwiri zake. Lamulo langa ndi loti ikatsika pansi pa 70 peresenti ya manambala amenewa ndimamuuza mwini wake ayambe kusunga ndalama.

Mayeso amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi otsitsa heater, kuchoka pa 6.3 kufika cha pa 5.7, nkudikira kamphindi. Cathode yokhala ndi nkhokwe singano imangosuntha pang'ono, yotopa imagwa nkumapitirirabe kugwa mukuyang'ana, olo kuti poyamba inaonetsa nambala yokongola. Mavalavu awiri atha kuwerenga mofanana lero koma apa ndiye mumaona yomwe idzafike chaka chamawa. Kenaka ndimalemba manambalawo ndi deti pa tepi nkumata mkati mwa ampu, chifukwa nambala ya tsiku limodzi siiuza liwiro lomwe valavu ikutsikira, muyeze kachiwiri patatha miyezi sikisi ndiye muona.

Mavalavu akuluakulu aja amakhala maola masauzande ochepa, tating'ono timatha kudutsa maola 10,000. Tchalitchi choyatsa ampu maola 6 pa sabata ndi maola 312 chabe pachaka, ndiye muone kuti ukalamba wokha sukwanira kupha valavu msanga. Chimapha ndi kutentha, makamaka ampu yotsekeredwa mukabati mu Okutobala uno wa ku Chipata, komanso jenereta yokweza mphamvu malaiti akapita, heater nkumadya kuposa muyeso wake. Choopsa kwambiri ndi kapasita (kachipangizo kosunga magetsi) yakale yodontha magetsi yomwe imalowetsa mphamvu pa grid, valavu nkumakoka karenti yopyola mpaka plate kufiira. EL84 malire ake ndi 12 watts, EL34 ndi 25. Mukangogula zatsopano za JJ zaku Slovakia kapena zaku Saratov ku Russia osasintha kapasitayo, nazonso zipsa chimodzimodzi ndalama zanu zapita.

Chonde osalowetsa dzanja mkati ngati si ntchito yanu, makapasita akuluakulu amasunga ma volts 300 mpaka 450 olo mutazula pulagi. Ndipo ampu ya mavalavu osaiyatsa sipika isanalumikizidwe, mutha kuotcha thiransifoma yomwe ndi yovuta kupeza kuposa valavu.

Mu ampu ya madala aja ndinapeza makapasita awiri odontha, ndinasintha, nkusankha EL84 imodzi yokoka karenti yofanana ndi zinzake zitatu kuti zisakankhirane katundu. Ma Mullard atatuwo potsitsa heater singano inangogwedera pang'ono. Tepi ndinamata, ndawauza abwere nayo Pasaka ikapita tidzayezenso.