Mwana wanu pa sukulu ku Joni: mafunso amene makolo timafunsana

Ndalera ana awiri muno mu Johannesburg, ndipo mafunso awa ndimawamva tikamatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville. Chimene chimandiwawa n'kuona mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akungokhala m'chipinda tsiku lonse, makolo ali kumaganyu, chifukwa choopa nkhani ya mapepala.

Mwana wanga alibe mapepala. Kodi sukulu ya boma ingamulandire?

Inde, ndipo si chifundo cha ahedi ayi, ndi lamulo. Gawo 29 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wa maphunziro oyambira kwa aliyense, osati nzika zokha. Mu Disembala 2019 Khoti Lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linasumira unduna wa maphunziro, linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa chikalata cha kubadwa, pasipoti kapena pemiti. Mu 2020 undunawo unalembera masukulu kuti atsatire chigamulochi. Chikalata chikasowa, kholo limalemba afidaviti, kalata yolumbira, yonena dzina la mwana ndi tsiku lobadwa.

Kuno ku Gauteng, malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 amafunsidwa pa intaneti chaka chisanathe. Zikakukanikani, pitani ku ofesi ya maphunziro ya distirikiti yanu. Akakubwezani pa sukulu, musangotembenuka n'kumapita: pemphani kuti akulembereni chifukwa chake papepala. Pepalalo mupite nalo ku Section27 kapena ku Lawyers for Human Rights, mabungwe a maloya omenyera ufulu wa anthu, ku Braamfontein. Palinso pulogalamu ya Three2Six, imene inayamba mu 2008 pa Sacred Heart College ku Observatory, yophunzitsa ana a anthu obwera amene sanapeze malo.

Nanga fizi?

Masukulu a boma anagawidwa m'magulu asanu otchedwa quintile. A gulu 1 mpaka 3 salipiritsa. Kwinaku mukhoza kupempha fomu yochotsera kapena kuchepetsa fizi malinga ndi zimene mumapeza. Sukulu ya boma siloledwa kuthamangitsa mwana kapena kum'mana lipoti chifukwa cha ngongole.

Kodi amadya kusukuluko?

M'masukulu osalipiritsa muli chakudya cha boma cha National School Nutrition Programme, ngati mmene kumudzi ana amamwera phala. Mwana wolembedwa m'kaundula wa sukulu amadya nawo, palibe womufunsa kwawo.

Mwana wabwera ndi fomu ya anamwino. Ndisaine?

Sainani, abale anga. Apa ndi pamene ambirife timataya mwayi. Kuyambira mu 2012 boma lili ndi ndondomeko ya zaumoyo m'masukulu: anamwino amabwera kudzayeza maso, makutu, mano ndi kakulidwe ka ana, kupereka mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera. Kuyambira mu 2014 atsikana a zaka 9 kupita m'tsogolo amalandira katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene atitengera amayi ndi azakhali ambiri ku Malawi. Kwa ana aang'ono, popanda siginecha ya kholo anamwino amangomulumpha.

Ine fomu yoyamba ndinaipeza pansi pa chikwama itakwinyika, ili ndi mafuta a chakudya, tsiku litadutsa kale. Ndinaitaya poganiza kuti ndi njira yotifufuzira. Chaka chotsatira ndinasaina, ndipo anamwino anapeza kuti mwana wanga wamkazi saona patali. Zaka ziwiri zonse ndinkamukalipira kuti ndi waulesi, pamene iye ankangokopera kwa mnzake chifukwa pa bolodi ankaona utsi wokhawokha. Tsiku limene anavala magalasi anaima pa zenera n'kuyamba kuwerenga mokweza zikwangwani za tsidya la msewu.

Kabuku ka kusikelo kochokera kumudzi musakataye. Pitani nako ku kiliniki kuti aone katemera amene watsala.

Anzake akumutchula kuti kwerekwere, dzina lonyoza anthu obwera. Ndichite chiyani?

Mwana sanena msanga. Mumangoona m'mimba mukumupweteka Lolemba lililonse, kapena wasiya kuyankha m'Chichewa mukakhala pagulu, kapenanso akukupemphani kuti musamafike pa geti. Musamuuze kuti angolimba mtima. Sukulu iliyonse imayenera kukhala ndi gulu la aphunzitsi loona mavuto a ana, lotchedwa School-Based Support Team. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi, lembani tsiku ndi zimene zinachitika, kenako pemphani kuti nkhaniyo ifike ku gululo. Iwo angatumize mwana kwa wa zauphungu kapena social worker kudzera ku distirikiti. Mwana akhozanso kuimba yekha ku Childline pa 116, kwaulere, usana kapena usiku.

Ngati womunyozayo ndi mphunzitsi, pitani kwa ahedi, ndipo zikapanda kusintha, ku distirikiti. Kumenya ana pa sukulu kunaletsedwa kuno mu 1996. Tisamati poti ife tinakula ndi chikwapu ndiye kuti zili bwino.

Chizungu ndi Chizulu zikumuvuta. Abwerere kumudzi?

Musafulumire. Miyezi yoyamba mwana amakhala duu, koma khutu likugwira ntchito. Uzani mphunzitsi kuti kunyumba mumalankhula Chichewa, kuti asamuyese wogona m'mutu. Ndipo kunyumbako musachisiye, chifukwa ndi chimene adzalankhulire ndi agogo ake pa foni.

Mtsikana wanga watenga mimba. Sukulu yathera pomwepa?

Ayi. Ndondomeko ya unduna ya mu 2021 imaletsa kuchotsa mwana sukulu chifukwa cha mimba. Amapitiriza kuphunzira, amapita kukachira, n'kubwereranso m'kalasi. Ndipo mu Epulo 2023 Khoti Lalikulu la muno mu Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti. Mutengeni akayambe sikelo msanga, ndipo kwa ahedi mupite naye limodzi, asakaime yekha.