Msana ukadali ndi mphamvu, koma zala zakana: nkhani ya malamba a m'manja

Mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa kunyamula zitsulo anafika pa makilogalamu 140 pa deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka utaima chilili), n'kuima pomwepo miyezi iwiri. Chitsulo chinkanyamuka bwinobwino, n'kudutsa m'maondo, koma chikatsala pang'ono kufika m'chiuno ndinkaona kachala komaliza ka dzanja lamanzere kakutseguka, kenako chinzake, basi chitsulo chija khuu pansi. Tsiku lina anandiuza mokhumudwa kuti, "Kochi, msana wangawu ndi wofooka." Ndinamuveka malamba a m'manja, ndipo makilogalamu omwewo anawanyamula kasanu osapumira. Msana unalibe mlandu. Zala ndizo zinkayamba kugonja.

Minofu imene imapinda zala zanu siili m'zalamo. Yambiri ili m'mkono, pakati pa chigongono ndi pamene timavala wotchi, ndipo imakoka zala kudzera m'mitsempha yaitali yodutsa pamfundo ya dzanja. Ndi minofu yaing'ono mukaiyerekeza ndi ya m'ntchafu, m'matako ndi kumsana. Ndiye pa deadlift, pa row (kukokera chitsulo kumimba) kapena pa shrug (kukweza mapewa chitsulo chili m'manja), minofu yaikuluyo imadalira yaing'onoyi kuti igwirebe chitsulo. Yaing'ono ikatopa, masewera athera pomwepo, ngakhale yaikulu isanagwire ntchito yokwanira kuti ikule. Komanso chitsulo chimafuna kugubuduzika m'manja, kulowera kumene zala zimatsegukira, ndipo thukuta la mwezi wa Okutobala limachithandizira.

Lamba wa m'manja ndi kachidutswa ka nsalu yolimba, nayiloni kapena chikopa. Mbali imodzi imazungulira pamfundo ya dzanja, inayo mumaikulunga pachitsulo. Kulemera kwina kumachoka pazala n'kupita padzanja lonse. Pokulunga ndi pamene ambiri amaphonya. Lamba adutse pansi pa chitsulo, atulukire kutsogolo, abwerere pamwamba kulowera kwa inu, ndiyeno mupotoze chitsulocho ngati mukuwonjezera moto panjinga yamoto mpaka amange. Kukulunga kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Mukakulungira mbali inayo, chitsulo chimamumasula chokha. Ndipo lamba akhale mmunsi, pafupi ndi chikhatho, osati pamwamba pa kafupa kotukuka ka pamfundo, chifukwa pamenepo amadula khungu.

Pali malamba ena opindidwa ngati nambala 8, amene amakumangirirani kuchitsulo kotheratu. Eddie Hall wa ku England atanyamula makilogalamu 500 mumzinda wa Leeds mu 2016, anali ndi malamba m'manja, chimodzimodzinso Hafthor Bjornsson wa ku Iceland ponyamula makilogalamu 501 mu 2020. M'mipikisano yambiri ya strongman, yonyamula zolemera zamitundumitundu, malamba amaloledwa, pamene ku powerlifting, mpikisano wina wonyamula zitsulo, saloledwa. Ndimatchula zimenezi chifukwa m'majimu mwathu muli kamtima konena kuti wovala malamba ndi wobera. Sindigwirizana nako. Munthu amene akufuna kumanga msana, koma seti iliyonse (kunyamula kangapo motsatizana asanapume) ikutha chifukwa cha zala, akudzimana yekha.

Komabe ndaonanso ena amene amavala malamba akangolowa pakhomo, ngakhale pachitsulo cha makilogalamu 40. Pakatha chaka msana watambasuka, koma sangathe kulendewera pachitsulo masekondi 30. Ine ndimauza ophunzira anga kuti maseti onse otenthetsera thupi achite ndi manja okhaokha, zikhatho zonse zitayang'ana kwa iwo. Malamba atuluke m'chikwama pa seti imodzi kapena ziwiri zolemetsetsa, kapena pa Romanian deadlift (deadlift imene chitsulo sichifika pansi) pamene chitsulo chimakhalitsa m'manja. Mukatero zala zimalandira gawo lawo tsiku lililonse, msana nawo sumanidwa lake.

Chenjezo ili ndimalibwereza kwa aliyense: musadzimangirire kuchitsulo chimene mungafunike kuchiponya mwadzidzidzi. Pa clean, pamene chitsulo chimakatera pamapewa, mukagwa chagada muli omangika, dzanja likhoza kuthyoka. Pa bench press (kukankha chitsulo m'mwamba mutagona chagada pabenchi) malamba alibe ntchito, popeza mukukankha, simukukoka. Muonenso ulusi wake nthawi ndi nthawi. Ambiri kuno timasoketsa kwa telala kuchokera ku lamba wakale wa mpando wa galimoto, ndipo amalimba ndithu, koma posokapo ndi pamene pamayambira kutha. Muuzeni telala abwereze mzere kangapo ndi ulusi wokhuthala.

Musanafike pa malamba pali njira zina. Choko cha manja, chimene ndi magnesium carbonate, chimaumitsa thukuta, ndipo kwa ambiri chimenechi chokha chimathetsa vuto. Ena amagwira dzanja limodzi chikhatho choyang'ana kutsogolo, linalo choyang'ana kumbuyo, kuti chitsulo chisagubuduzike. Zimagwira, koma mkono umene chikhatho chayang'ana kutsogolo uzikhala wowongoka nthawi yonse, chifukwa mukaupinda pang'ono pachitsulo cholemera, msempha wa katumba ukhoza kuduka, ndipo zikatero kawirikawiri ndi nkhani ya opaleshoni. Njira ina ndi ya hook grip: chala chachikulu chimagwira chitsulo choyamba, zala ziwiri n'kuchipana pamwamba. Masabata oyamba chimapweteka zedi, koma ndi momwe onyamula zitsulo a ku Olympics amagwirira.

Nanga zala zingalimbe bwanji? Chimene ndimakonda kwambiri n'chosavuta. Mukamaliza kunyamula komaliza pa seti, musafulumire kutsitsa. Imani chilili, chitsulo chili m'manja, muwerenge mpaka 10. Onjezerani kulendewera pachitsulo cha pull-up (chija mumadzikokerapo m'mwamba), kuyambira masekondi 20 mpaka mudzafike mphindi yathunthu, ndipo zikayamba kuphweka kolekani thaulo pachitsulocho muzigwira thauloyo. Kuyenda mutanyamula zolemera manja onse ndiye mankhwala enieni. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20 ndi kakusefukira, choncho zigubu ziwiri ndi bwalo la pakhomo zakwana. Yendani mapewa ali m'mbuyo, osathamanga, mpaka zala zitayamba kutseguka, mupume, mubwereze katatu. Kwa chala chachikulu, panani mbale ziwiri zachitsulo za makilogalamu 5, mbali zosalala zili kunja, muzigwire mmene mungathere, mapazi muwatalikitse.

Kukhuthala kwa chogwirira kumasintha zinthu kwambiri. Chitsulo cha amuna cha ku Olympics chimalemera makilogalamu 20 ndipo n'chokhuthala mamilimita 28, chokhala ndi timizere tokhakhala togwirapo. Amene mumanyamula paipi yosalala yothiridwa simenti uku ndi uku musadabwe kuti imakupulumukani msanga, popeza paipi yokhuthala salola zala kukumana. Thomas Inch, munthu wamphamvu wa ku England wa zaka zoyambirira za m'ma 1900, anali ndi dumbbell (chitsulo chachifupi chonyamula ndi dzanja limodzi) ya makilogalamu 78 okha, koma chogwirira chake chinali pafupifupi masentimita 6, ndipo amuna ambiri amphamvu ankalephera kuichotsa pansi ndi dzanja limodzi. Paipi yanuyo ikukulimbitsani zala kale.

Zolimbitsa zala muzichita kumapeto kwa masewera, kawiri pa sabata. Mitsempha imachedwa kuzolowera kusiyana ndi minofu, ndiye mukayamba kumva kupweteka mkati mwa chigongono, chepetsani msanga. Khungu lolimba la m'chikhatho muzilipala ndi mwala mukasamba, lisanakule n'kudzang'ambika pachitsulo.

Nkhaniyi imapitirira jimu. Kafukufuku wotchedwa PURE, amene anafalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2015, anayeza mphamvu ya dzanja ya anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa. Anapeza kuti mphamvuyo ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa chinkakwera ndi 16 peresenti. Sizikutanthauza kuti kufinya kachipangizo ka sipuling'i kumatalikitsa moyo. Dzanja limangoulula mmene thupi lonse lilili, n'chifukwa chake ndimafuna ophunzira anga alimbe thupi lonse, manja ali momwemo.

Mnyamata uja tinagwirizana kuti malamba azivala pa seti yomaliza yokha, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu aziyenda ndi zigubu. Patatha miyezi itatu ananyamula makilogalamu 150 ndi choko chokha, n'kuima nacho chitsulocho mpaka nditamaliza kuwerenga 10.